Ferumoxytol: timibulu ta ayironi towonjezera magazi ndi kuwalitsa MRI, kodi tingatithandize ku Zomba?

Botolo lake ndi laling'ono, la mamililita 17, ndipo madzi a m'katimo ndi akuda mofiirira. Muli mamiligalamu 510 a ayironi, kutanthauza mamiligalamu 30 pa mililita iliyonse. Dzina la mankhwalawa ndi ferumoxytol, ndipo ku America amagulitsidwa ndi dzina lakuti Feraheme. Tasankha kuwaunika chifukwa cha nkhani imene yafala m'masukulu a zaumoyo ndi a sayansi, yakuti timibulu ta iron oxide tingathe kujambula matenda ndi kunyamula mankhwala nthawi imodzi. Mwa zinthu zambirimbiri zimene zapangidwa pofuna kukwaniritsa lonjezo limeneli, ferumoxytol ndi chimodzi mwa zochepa zimene zinatuluka mu labotale n'kufika pa mkono wa wodwala. Zambiri zinathera pa mbewa.

Kwa inu anzathu a ku famase, anamwino, madokotala, ojambula odwala ndi ophunzira a kuno ku Zomba, maganizo athu ndi awa. Monga mankhwala a kuchepa kwa magazi, ferumoxytol amagwiradi ntchito, koma amafuna chipinda chokonzeka bwino. Monga chowalitsira zithunzi za MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, pa mitsempha ya magazi ndi pa odwala impso, ali ndi mphamvu imene gadolinium, chowalitsira chozolowereka, alibe. Koma pa zonyamula mankhwala a khansa kupita nawo pa chotupa, palibe botolo limene mungaitanitse lero. Wina akakuuzani kuti lilipo, mufunseni chilolezo chake.

Zimene zili m'botolo

Kambulu kalikonse kali ndi mbali ziwiri. Pakati pali phata la iron oxide la mtundu wa magnetite, losafika mananomita 10. Kunja lakutidwa ndi shuga wosinthidwa wa m'banja la dextran, wotchedwa polyglucose sorbitol carboxymethylether. Phata ndi chikuto pamodzi, kambulu kamakhala pakati pa mananomita 17 ndi 31. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa m'zigawo 1,000,000, ndipo selo lofiira la magazi limapitirira mananomita 7,000 m'mimba mwake.

Kuchepa kwa phatali kuli ndi chifukwa. Magnetite akachepa kufika pansi pa mananomita 20 kapena kuyandikira pamenepo, amasintha khalidwe. Akakhala m'kati mwa mphamvu ya maginito amakokedwa kwambiri, koma mukangochotsa maginitowo, iye sasunga mphamvuyo. Asayansi amati ndi superparamagnetic. Phata likadakhala lalikulu, timibulu tikadamakokana tokhatokha, n'kuunjikana, n'kutseka timitsempha ting'onoting'ono ta m'mapapo. Chikuto nacho chili ndi ntchito ziwiri. Chimagwira ayironi kuti asamasuke msanga m'magazi, pakuti ayironi woyenda yekha ndi poizoni, komanso chimachedwetsa maselo a chitetezo otchedwa macrophage kuti asameze timibuluti mofulumira. N'chifukwa chake pamatenga maola pafupifupi 15 kuti theka la mankhwalawa lichoke m'magazi, pamene gadolinium wamba amatsika ndi theka pa ola limodzi ndi theka mwa munthu wa impso zabwino.

Ferumoxytol sadutsa ku impso. Ma macrophage a m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa amameza timibuluti, amaswa chikuto, ndipo ayironi amalowa m'nkhokwe ya thupi ya ferritin, kenako n'kukapangira hemoglobin. Thupi la munthu wamkulu limasunga magalamu 3 mpaka 4 a ayironi, choncho mabotolo awiri, magalamu 1.02, si pang'ono ayi. Yerekezani ndi paketi imodzi ya magazi othira, imene imakhala ndi mamiligalamu 200 mpaka 250.

Kaperekedwe kake pa kuchepa kwa magazi

Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza ferumoxytol mu 2009 kwa akuluakulu odwala impso amene magazi awo achepa chifukwa chosowa ayironi. Mu 2018 chilolezo chinakulitsidwa kufikira akuluakulu onse amene mapiritsi a ayironi awakanika, kaya chifukwa chakuti amawapweteka m'mimba kapena sakukweza magazi. Mlingo ndi mamiligalamu 510, kenako ena 510 pakapita masiku 3 mpaka 8.

Botolo lisungidwe pa madigiri 20 mpaka 25. Izi n'zofunika kuziganizira mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'zipatala za kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa kumene sitolo ya mankhwala imatentha kuposa kumapiri kuno. Musanatsegule, yang'anani ngati muli zidutswa kapena ngati mtundu wasintha. Tengani mamililita 17 onse, muwathire m'thumba la mamililita 50 mpaka 200 a normal saline wa 0.9% kapena dextrose wa 5%. Musasakanize ndi mankhwala ena alionse m'thumba lomwelo. Mukasungunula, perekani nthawi yomweyo. Ngati pali chochedwetsa, thumbalo lisapitirire maola 4 kunja kwa firiji. Wodwala agone chotsamira, muyese BP ndi kugunda kwa mtima musanayambe, ndipo dilipi iyende mphindi zosachepera 15. Pa thumba la mamililita 100 ndi chubu cha madontho 20 pa mililita, mphindi 15 zikutanthauza madontho oposa 130 pa mphindi, amene ndi ovuta kuwerenga ndi maso. Ife timaona kuti kuli bwino kutsitsa kufika madontho 60 mpaka 70 pa mphindi n'kulola dilipi itenge theka la ola, kusiyana ndi kuthamanga mosadziwa. Ikatha, wodwala akhalebe pamaso panu mphindi zina 30, mukuyesabe BP. Amene ali pa dialysis apatsidwe atakhala pa makina ola limodzi ndipo BP itakhazikika.

Singano ikhale bwinobwino mu mtsempha. Ayironi akatayikira pansi pa khungu amasiya banga lofiirira limene limatha miyezi kapena zaka osachoka. Yambani mwayesa chubu ndi saline, ndipo wodwala akanena kuti pakuwotcha pamene pali singano, imitsani.

Cholakwika china chimachitikira ku labotale. M'maola 24 oyamba, makina oyesa ayironi wa m'magazi amawerenga ndi ayironi amene akadali m'timibulu, n'kupereka nambala yokwera monyenga. Ferritin nayenso amakwera kwambiri masabata oyamba. Dikirani mwezi wathunthu chiperekereni botolo lachiwiri, kenako muyese hemoglobin, ferritin ndi transferrin saturation, muyeso wa ayironi amene akunyamulidwa m'magazi.

Ngozi yake, ndipo si yobisa

Poyamba, ferumoxytol ankabayidwa osasungunula, botolo lonse m'masekondi 17. Ichi chinali chokopa chachikulu pa malonda ake. Mu Malichi 2015 FDA inaika chenjezo lake lalikulu kwambiri pa mankhwalawa, itapeza malipoti 79 a anaphylaxis, kukana mankhwala koopsa kwa thupi lonse, pakati pa 2009 ndi 2014, ndipo anthu 18 mwa iwo anamwalira. Kuchokera apo kubaya mothamanga kunaletsedwa, n'kubwera lamulo la mphindi 15. Ku Ulaya, kumene ankagulitsidwa ndi dzina lakuti Rienso kuyambira 2012, anachotsedwa pamsika mu 2015 momwemo.

Ndi kaperekedwe katsopanoka zinthu zinasintha. Kafukufuku wotchedwa FIRM, wofalitsidwa mu 2018, anayerekeza ferumoxytol ndi ayironi wina wa m'dilipi, ferric carboxymaltose, pa odwala pafupifupi 2,000. Amene thupi lawo linakana mankhwala mwamphamvu kapena BP inatsika kwambiri anali 0.6% pa ferumoxytol ndi 0.7% pa mnzakeyo. Kunena kwina, akaperekedwa modekha saopsa kuposa ayironi wina wa m'dilipi. Komabe kuchepa kwa chiwerengero sikuchotsa udindo. Wodwala amene anakanapo ayironi wina wa mu mtsempha asapatsidwe. Amene amadana ndi mankhwala angapo, ndi okalamba amene ali ndi matenda ambiri, ndiwo amavutika kwambiri zikavuta.

Adrenaline, mankhwala opulumutsira pa anaphylaxis, akhale pa tebulo dilipi isanatseguke, osati mu kabati yokhoma imene kiyi wake ali ndi munthu wina. Kwa wamkulu ndi mililita 0.5 ya 1:1000, kubaya mu mnofu wa ntchafu chakunja, ndi kubwereza pakapita mphindi 5 ngati palibe kusintha. Pakhalenso okosijeni, saline wa lita imodzi ndi munthu wodziwa kutsegula njira ya mpweya. Chipatala chimene chilibe zimenezi chisapereke mankhwalawa, ngakhale atabwera aulere.

Pali vuto lina laling'ono limene limasokoneza anamwino ambiri. Mphindi zoyamba wodwala amatha kumva kutentha kumaso, kuthina pachifuwa kapena kupweteka msana, koma BP ili bwino, sakubanika, milomo sinatupe. Imeneyi kawirikawiri si anaphylaxis. Tsekani dilipi, yesani BP, dikirani mphindi 15. Nthawi zambiri zimatha zokha, ndipo mukhoza kuyambiranso pa theka la liwiro loyamba. Apa dzanja limathamangira promethazine, mankhwala a ziwengo, chifukwa ndi amene amapezeka msanga, koma iye amatsitsa BP, amagonetsa ndi kuthamangitsa mtima, ndiye wodwala amene akadachira yekha amayamba kuoneka ngati wakomoka ndi ayironi. Ndi bwino kumupewa.

Mbali imodzi ferumoxytol amaposa mnzake moonekeratu. Mu kafukufuku wa FIRM yemweyo, phosphate wa m'magazi anatsika pansi pa mamiligalamu 2 pa desilita mwa odwala pafupifupi theka la amene analandira ferric carboxymaltose, pamene pa ferumoxytol sanafike 1 pa 100 alionse. Chimayambitsa ndi homoni yotchedwa FGF23, imene ferric carboxymaltose amaikweza, n'kuchititsa impso kutaya phosphate mu mkodzo. Kwa wolandira kamodzi vutoli limatha lokha nthawi zambiri, koma kwa wolandira mobwerezabwereza mafupa amatha kufewa.

Pa makina a MRI

Chilolezo cha Feraheme ndi cha kuchepa kwa magazi. Madokotala ojambula anayamba kumugwiritsa ntchito pa MRI mwa nzeru zawo, makamaka kuyambira pamene zinadziwika, mu 2006, kuti gadolinium angayambitse nephrogenic systemic fibrosis, matenda oumitsa khungu ndi ziwalo mwa anthu amene impso zawo zafooka kwambiri. Wodwala impso amafunika kujambulidwa mitsempha kawirikawiri, mwachitsanzo asanamukonzere fistula, mtsempha wolumikizira makina a dialysis osefa magazi, ndipo ndi yemweyo amene nthawi zambiri amasowa ayironi. Dilipi imodzi imamuthandiza pawiri. Pamenepa ndi pamene lonjezo la kujambula ndi kuchiza nthawi imodzi linakwaniritsidwadi, ngakhale kuti chochizacho ndi ayironi yemweyo osati mankhwala onyamulidwa.

Mlingo wojambulira ndi wochepa: ambiri amapereka mamiligalamu 3 mpaka 4 pa kilogalamu ya wodwala, osapitirira 510, osungunulidwa ndi kuperekedwa modekha monga tafotokozera. Munthu wa makilogalamu 60 pa mamiligalamu 3 amafuna 180, kutanthauza mamililita 6 okha a m'botolo.

Chimene chimaoneka pa chithunzi chimadalira nthawi ndi kuchuluka kwa timibulu pamalopo. Tikakhala tomwazikana m'magazi, timafupikitsa muyeso wa MRI wotchedwa T1, umene ukafupika malo amawala, ndipo mitsempha imawala mbee. Pa makina a 1.5 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), mphamvu yake yowalitsa imaposa ya gadolinium wamba pafupifupi katatu. Popeza timibulu ndi tatikulu moti sitingatulukire m'zipupa za mitsempha yabwino, kuwalako kumakhala maola ambiri. Wojambula sathamangitsana ndi masekondi. Wodwala akagwedezeka mukhoza kubwereza, ndipo dilipi ikhoza kuperekedwa ku wodi, kumene kuli anamwino ndi adrenaline, wodwala n'kupita ku makina pambuyo pake. Choipa chake n'chakuti mitsempha yochokera ku mtima ndi yobwerera ku mtima imawala pamodzi, ndiye m'miyendo, mmene yagundizana, kuisiyanitsa kumafuna diso lozolowera.

Pakapita maola 24 mpaka 48 nkhani imasintha. Ma macrophage amakhala atameza timibulu tambiri n'kutiunjika m'kati mwawo. Tikaunjikana timasokoneza mphamvu ya maginito pamalopo, miyeso ina ya MRI yotchedwa T2 ndi T2* imafupika, ndipo malowo amada. Chiwindi chabwino chimada, kapamba amada, mafuta a m'mafupa amada. Mwanabere wabwino, wodzaza ndi ma macrophage, amada. Mbali imene khansa yalowa n'kuthamangitsa maselowo imatsala yowala. Malo otupa chifukwa cha matenda, monga m'chipupa cha mtsempha kapena m'fupa, amaonekanso chifukwa ma macrophage amasonkhana komweko. Vuto ndi lakuti kuda pa MRI kuli ndi eni ake ambiri: magazi akale otayikira, calcium, mpweya, ngakhale kachitsulo ka opaleshoni. Popanda chithunzi chojambulidwa mankhwala asanaperekedwe, kumasulira kumakhala kongoganizira. Mlingo ukachuluka, ngakhale mitsempha imene imayenera kuwala imayamba kuda.

Kwa ife kuno, mfundo imene ikutikhudza kwambiri ndi ya makina a mphamvu yochepa. MRI imene inaikidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008 ndi ya 0.35 tesla, ndipo ndi imene inathandiza ofufuza kusonyeza, mu 2015, kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri a malungo a mu ubongo. Masiku ano kulinso makina oyenda pa matayala a 0.064 tesla. Pa mphamvu zotsika chonchi, timibulu ta iron oxide timawalitsa T1 bwino koposa mmene timachitira pa 3 tesla, ndipo kudetsa kwa T2* sikulamulira kwambiri. Ndiye kuti mlingo wochepa ungathe kupereka chithunzi chabwino pa makina otsika mtengo. Ophunzira a physics ndi a zojambula odwala amene akufuna mutu wa kafukufuku wothandiza dziko lino, nawu.

Chenjezo limodzi likukhudza ngakhale amene sakufuna kujambula. Wodwala akalandira ferumoxytol monga mankhwala a magazi, zithunzi zake za MRI zikhoza kusokonezeka mpaka miyezi 3. Dokotala wojambula amene sakudziwa angaone chiwindi chakuda n'kuganiza za hemochromatosis, matenda a kuchuluka kwa ayironi m'thupi, kapena chotupa chingabisike. Ngati wodwala wanu wa ku Zomba ali pa mndandanda wokajambulidwa ku Blantyre, ajambulidwe kaye asanalandire dilipi. Ngati walandira kale, lembani tsiku ndi mlingo m'buku lake la kuchipatala komanso pa kalata yomutumizira. X-ray, CT ndi ultrasound sizikhudzidwa.

Za kunyamula mankhwala

Lingaliro ndi lokoma. Mumangirira mankhwala a khansa pa chikuto cha kambulu, mumabaya, mumaika maginito pamwamba pa chotupa kuti timibulu tisonkhane pamenepo, ndipo MRI imakuonetsani ngati tafikadi. Linayesedwa pa anthu kalekale. Mu 1996 gulu la Andreas Lübbe ku Germany linafalitsa zotsatira za odwala 14 amene analandira mankhwala a khansa, epirubicin, womangiriridwa pa timibulu ta maginito. Odwala anapirira bwino, koma timibulu tinaoneka kuti tasonkhana pa chotupa mwa theka lokha la iwo, ndipo zinali zotupa zapafupi ndi khungu. Kampani ya FeRx inayesa doxorubicin pa timibulu tokulirapo ta chitsulo ndi kaboni pa khansa ya chiwindi, koma kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2004.

Cholepheretsa ndi physics, osati ulesi wa ofufuza. Mphamvu imene maginito amakokera kambulu imadalira kukula kwa phata ndi mmene mphamvu ya maginito ikusinthira kuchoka pamalo ena kufika pena. Phata likachepa ndi theka m'mimba mwake, chikoka chimatsika kasanu ndi katatu. Maginito nawo amafooka msanga mukatalikirana nawo masentimita ochepa chabe. Kufuna kugwira kambulu ka ferumoxytol mu mtsempha wa m'kati mwa mimba ndi maginito a kunja kuli ngati kuima m'mbali mwa Likangala atasefukira n'kumakodola tsamba limene lili pakati pa madzi. Mukakulitsa timibulu kufika mananomita 200 kuti tikokeke, chiwindi chimatimeza m'mphindi zochepa tisanafike kulikonse. Mukadalira kuti tidzalowa tokha kudzera m'mitsempha yobooka ya chotupa, kumbukirani kuti kuunika kwa mu 2016, kumene kunasonkhanitsa zofufuza za zaka khumi pa nyama, kunapeza kuti pakatikati ndi 0.7% yokha ya timibulu tobayidwa imene imafika pa chotupa. Zotsala zimathera m'chiwindi ndi m'kapamba, pamodzi ndi mankhwala a khansa amene tanyamula. Palinso vuto lakuti kambulu kakangolowa m'magazi, mapuloteni amakamatirira n'kuphimba zizindikiro zimene ofufuza anaika kuti kazindikire selo la khansa. Ndipo MRI imaona ayironi, siona mankhwala. Mankhwala akamasuka panjira, chithunzi chimakusonyezani kumene kwapita chonyamulira chopanda kanthu.

Pa ferumoxytol weniweniyu pali zinthu zitatu zoyenera kudziwa. Mu 2014 ofufuza a ku New York anasonyeza pa mbewa kuti mankhwala monga doxorubicin amatha kukhala m'chikuto chake n'kumasuka akafika pamalo a asidi wochuluka, monga m'chotupa. Mu 2016 gulu la ku Stanford linapeza kuti ferumoxytol payekha anachedwetsa kukula kwa zotupa zoyambirira za m'mawere pa mbewa, posintha ma macrophage kuti ayambe kulimbana ndi khansa. Zonse ziwiri ndi za mbewa. Chachitatu ndi cha anthu, ndipo ife tikuchiona kuti ndicho chanzeru koposa: kumugwiritsa ntchito ngati kalambulabwalo. Mu kafukufuku waung'ono wofalitsidwa mu 2017, odwala anapatsidwa ferumoxytol, n'kujambulidwa, kenako n'kulandira mankhwala a khansa, irinotecan wa m'timatumba ta mafuta totchedwa liposome. Zotupa zimene zinameza ayironi wambiri ndizo zinkaoneka kuti zikuchepa kwambiri. Apa kambulu sikanyamula kanthu, kamangoonetsa ngati khomo la chotupa lili lotsegukira timibulu tina. Odwala anali ochepa, choncho ndi chiyambi chabe.

Abale ake a ferumoxytol amatiphunzitsanso za msika. Feridex, wovomerezedwa mu 1996 pojambula chiwindi, anasiya kupangidwa cha m'ma 2008. Resovist anachoka m'misika yambiri n'kutsala ku Japan. NanoTherm, timibulu tobayidwa m'chotupa cha mu ubongo n'kutenthetsedwa ndi maginito osinthasintha, analoledwa ku Ulaya mu 2010, koma kampani yake ya MagForce inagwa pa chuma mu 2022. Amene wakhazikika ndi Magtrace, wovomerezedwa ndi FDA mu 2018, amene amathandiza dokotala wa opaleshoni kupeza mwanabere woyamba wa khansa ya m'mawere ndi kachipangizo ka m'manja, popanda mankhwala a radiation. M'dziko limene mankhwala a radiation ndi ovuta kupeza, ameneyu ndi woyenera kumuyang'anitsitsa.

Mawu ochepa kwa ophunzira a chemistry a pa University of Malawi. Kupanga magnetite si kovuta. Njira imene René Massart anafalitsa mu 1981 imafuna magawo awiri a ferric pa gawo limodzi la ferrous: magalamu 5.4 a ferric chloride hexahydrate ndi magalamu 2.0 a ferrous chloride tetrahydrate m'mamililita 100 a madzi ochotsedwa okosijeni ndi nitrogen. Mukatenthetsa kufika madigiri 70 mpaka 80 n'kuthira ammonia mukutakasa mwamphamvu mpaka pH ifike 10 kapena 11, madzi amada nthawi yomweyo, ndipo mumapeza magalamu pafupifupi 2.3. Akatuluka ofiirira, okosijeni analowa kapena ferrous chloride wanu anali wakale. Tikaunjikana mukathira mu saline, chikuto cha citric acid kapena dextran sichinagwire. Zimenezi n'zabwino pophunzira ndi poyeretsa madzi, koma si zobaya munthu kapena chiweto. Chovuta ndi kupanga timibulu tofanana kukula ulendo uliwonse, topanda endotoxin (poizoni wochokera ku mabakiteriya), tosataya ayironi. Panadutsa zaka 12, kuchokera 2009 kufika 2021, kuti kampani ina, ya Sandoz, itulutse ferumoxytol wake.

Malo ake pakati pathu

Kusowa magazi ndi vuto lathu lenileni. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 33 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ndi ana 63 pa 100 alionse osafika zaka 5 anali ndi magazi ochepa. Koma si onse amene vuto lawo ndi ayironi. Malungo, likodzo, njoka za m'mimba, HIV, TB ndi sickle cell zimatsitsa hemoglobin, ndipo zina mwa izo zimakweza ferritin ngakhale nkhokwe ili yopanda kanthu. Kupereka galamu yathunthu ya ayironi kwa munthu wa sickle cell amene wathiridwa magazi kangapo ndi kumuwonjezera katundu amene thupi lilibe njira yomutulutsira. Yesani malungo, chizani matenda amene akutentha thupi, funsani za magazi mu mkodzo ndi za msambo, ndipo ngati ferritin angayesedwe, muyese pamodzi ndi CRP, muyeso woonetsa ngati m'thupi muli kutupa.

Pa amayi oyembekezera, umboni wa kwathu kuno uli pa mankhwala ena. Kafukufuku wa REVAMP, amene anachitika ku Zomba ndi ku Blantyre mogwirizana ndi ofufuza a Training and Research Unit of Excellence, anatenga amayi 862 a mimba ya masabata 13 mpaka 26. Ena analandira ferric carboxymaltose kamodzi, mamiligalamu 20 pa kilogalamu osapitirira 1,000, ena mapiritsi. Zotsatira za mu 2023 zinasonyeza kuti pa masabata 36 amene anali ndi magazi ochepa anali 52% pa dilipi ndi 57% pa mapiritsi, kusiyana kosakwanira kunena kuti dilipi yapambana, ngakhale kusowa ayironi kwenikweniko kunatsika. Kafukufuku wotsatira, REVAMP-TT, wa amayi 590 a m'miyezi itatu yomaliza, anapeza kusiyana koonekeratu: pafupifupi 47% pa dilipi ndi 63% pa mapiritsi. Ferric carboxymaltose nayenso ndi timibulu ta ayironi tokutidwa ndi shuga, kungoti sagwira ntchito yowalitsa MRI.

Poyerekeza ziwirizi pa mayi wa kusikelo wochokera ku Mayaka kapena ku Jali, ferumoxytol ali ndi chilema chachikulu: amafuna maulendo awiri m'sabata imodzi. Ulendo wachiwiri ndi ndalama ya kabaza, ndi tsiku losiya kumunda, ndipo amene sabwerera amakhala atalandira theka. Mnzakeyo amatha ndi ulendo umodzi ndipo anayesedwa pa amayi athu omwe. Ayironi aliyense wa m'dilipi amapewedwa m'miyezi itatu yoyamba ya mimba, ndipo mayi akakana mankhwala, mtima wa mwana umatha kutsika, choncho mzamba amvetsere mwana pa nthawi ya dilipi.

Wodwala amene ferumoxytol angamuyenere kuno ndi wa impso zofooka, wosowa ayironi, amene akufunikanso chithunzi cha mitsempha, kapena wina amene phosphate wake anatsikapo ndi ferric carboxymaltose. Ameneyu athandizidwe pa chipatala chachikulu chokhala ndi madokotala ndi zida zotsitsimutsira. Ndi mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, ndipo asanalowe m'dziko ayenera kudutsa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Woitanitsa afunse wogulitsa chikalata cha kuyesedwa kwa gulu limenelo la mabotolo, chosonyeza kukula kwa timibulu ndi mlingo wa endotoxin, komanso umboni wa kutentha kumene katunduyo anayendamo kuchokera kufakitale mpaka pa sitolo. Botolo lililonse ndi la munthu mmodzi ndipo mulibe mankhwala oteteza ku tizilombo, choncho mamililita 11 otsala pojambula munthu wa makilogalamu 60 uja ndi otaya, ndipo mtengo wake uwerengedwe pa bajeti kuyambira pachiyambi.